Phunziro la Zaumoyo: Mwana Amatenga Theka kwa Mayi, Theka kwa Bambo



Mwina m'mudzi mwanu muli mayi amene wabereka ana aakazi anayi motsatizana, ndipo mwamuna wake wayamba kunyinyirika kuti akufuna mkazi wina woti amuberekere mwana wamwamuna. Mwinanso muli mayi amene anabereka mwana wachialubino, bambo n'kuthawa ponena kuti mwanayo si wake. Pena ndi banja limene ana ake awiri amwalira ali aang'ono ndi matenda otha magazi, ndipo apongozi akuloza chala mtengwa kapena agogo ena kuti ndi mfiti. Milandu yotereyi imafika kwa ankhoswe ndi kwa anyakwawa kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri woimbidwa mlandu amakhala mayi.

Phunziro lino likufotokoza mmene mwana amatengera chibadwa kwa makolo ake. Mukalimvetsa mudzatha kuthandiza mabanja amene akukangana pa nkhani zimenezi. Liwerengeni mofatsa, ndipo muwawerengerenso anzanu amene sadziwa kuwerenga.

Kodi makromozomu ndi chiyani?

Monga nyumba imamangidwa ndi njerwa, thupi lanu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Maselo ndi ochuluka zedi ndipo saoneka ndi maso, mpaka mutagwiritsa ntchito makina aja amene achipatala amaunikira magazi.

Pakati pa pafupifupi selo lililonse pali tinthu tokhala ngati tizingwe topota. Tizingwe timeneti ndi timene akatswiri amatitcha makromozomu. Munthu ali ndi makromozomu 46 m'selo limodzi, ndipo amakhala awiriawiri ngati nsapato, kutanthauza kuti alipo magulu 23. Akatswiri anapatsa magulu amenewa manambala kuyambira 1 mpaka 22, ndipo gulu lomaliza ndi limene limanena ngati munthu ali wamwamuna kapena wamkazi.

Pa tizingwe timeneti pali malangizo a mmene thupi liyenera kukhalira: khungu, tsitsi, msinkhu, gulu la magazi ndi zina zambiri. Malangizo amenewa amatchedwa majini, ndipo munthu ali nawo pafupifupi 20,000. Chonde musasokoneze dzinali ndi majini aja a mizimu. Awa ndi malangizo chabe olembedwa m'thupi, ndipo munthu aliyense, mbuzi iliyonse ndi phesi lililonse la chimanga lili nawo.

Kwa zaka zambiri akatswiri ankaganiza kuti munthu ali ndi makromozomu 48. Munali mu 1956 pamene Joe Hin Tjio ndi Albert Levan, akugwira ntchito mu mzinda wa Lund ku Sweden, anawerenga bwinobwino n'kupeza kuti ndi 46.

Mmene mwana amawalandirira

Pali mitundu iwiri ya maselo imene ili yosiyana ndi ena onse: dzira la mayi ndi mbewu ya bambo imene imakhala mu umuna. Maselo amenewa sakhala ndi makromozomu 46 ayi, amakhala ndi 23 okha. Thupi likamapanga dzira kapena mbewu, limatenga kromozomu imodzi pa gulu lililonse la awiriawiri lija.

Mbewu ya bambo ikakumana ndi dzira la mayi, 23 a bambo amaphatikizana ndi 23 a mayi, n'kukhala 46. Apo ndiye pamene munthu watsopano amayambira. Selo loyambalo limagawikana kukhala awiri, awiri kukhala anayi, mpaka mwana yense kuumbika m'chiberekero, ndipo selo lililonse limakopera makromozomu omwe aja.

Choncho palibe mwana amene ali wa mayi yekha kapena wa bambo yekha. Akale anati, "Make mbuu, mwana mbuu," koma zoona zake n'zakuti bambo nayenso ali momwemo, theka lathunthu. Ena amaganiza kuti mayi ali ngati munda chabe ndipo mbewu yonse ndi ya bambo. Enanso amaganiza kuti mwana ndi wa mayi chifukwa ndiye anamunyamula miyezi isanu ndi inayi. Onsewa akuona mbali imodzi. Mwambo wathu wakuti ana ndi mbumba ya kuchikazi, ndipo malume ndiye amawayang'anira, ukunena za udindo ndi za malo. Za mmene thupi la mwana linapangidwira, mabanja onse awiri anasonkha mofanana.

Dziwaninso kuti tikamati mwana watenga magazi a bambo ake, ndi kalankhulidwe chabe. Mwana amapanga magazi akeake ali m'mimba. Chimene amatenga kwa makolo ndi malangizo opangira magaziwo.

N'chifukwa chiyani ana a mimba imodzi safanana?

Makromozomu 46 amene inu muli nawo, 23 munatenga kwa amayi anu ndipo 23 kwa abambo anu. Thupi lanu likamasankha 23 oti lipereke kwa mwana, silisankha mwadongosolo. Pa gulu loyamba likhoza kutenga ya amayi anu, pa gulu lachiwiri ya abambo anu, choncho mpaka magulu onse atatha. Njira zosankhira motere zilipo 8,388,608 kwa kholo limodzi lokha. Kuwonjezera apo, makromozomu awiri a gulu limodzi amasinthana tizidutswa asanasiyane.

Ichi ndi chifukwa chake mwana wina amakhala wamtali ngati agogo ake aamuna, wina woderako ngati azakhali ake, pamene bambo ndi mayi ndi omwewo. Inu alimi mumazidziwa kale zimenezi. Mbuzi ziwiri zakuda nthawi zina zimabereka kamwana ka mawanga, ndipo palibe amene amati mbuziyo yalodzedwa. Choncho kusafanana nkhope si umboni wakuti mkazi anayenda njira.

Mapasa nawo ali mitundu iwiri. Ofanana kwambiri aja amachokera ku dzira limodzi limene linagawikana pawiri, ndipo makromozomu awo ndi amodzimodzi. Osafanana aja amachokera ku mazira awiri ndi mbewu ziwiri, ndiye n'chifukwa chake wina akhoza kukhala wamwamuna wina wamkazi.

Mwamuna kapena mkazi: zimachokera kuti?

Gulu lomaliza la makromozomu lili ndi mayina a zilembo. Mkazi ali ndi X awiri. Mwamuna ali ndi X imodzi ndi Y imodzi. Mmodzi mwa anthu oyamba kuzindikira zimenezi anali mayi wa ku America, Nettie Stevens, mu 1905, pamene ankafufuza tizilombo tina tokhala mu ufa.

Popeza mayi ali ndi X yekhayekha, dzira lake lililonse limanyamula X. Mbewu za bambo ndizo zili mitundu iwiri: theka zimanyamula X, theka zimanyamula Y. Mbewu ya X ikafika pa dzira, mwana amakhala wamkazi. Mbewu ya Y ikafika, mwana amakhala wamwamuna.

Apa mukuona nokha kuti kusiyana kumachokera ku mbewu ya bambo. Komabe musathamangire kuimba mlandu bambo, chifukwa nayenso sasankha. Mbewu zimatuluka mamiliyoni ambiri nthawi imodzi ndipo palibe munthu amene angalamule kuti ifike ndi iti. Pa mimba iliyonse mwayi umakhala pafupifupi theka ndi theka, ndipo mimba yatsopano sikumbukira za mimba yapita. Pa mabanja 16 okhala ndi ana anayi, tingayembekezere kuti banja limodzi likhala ndi ana aakazi okhaokha ndipo lina aamuna okhaokha. Si matenda, si tsoka ndipo si matsenga.

Kotero kumbukirani zinthu zitatu izi. Choyamba, palibe mankhwala azitsamba, chakudya kapena tsiku la mwezi limene lingasinthe mwana kukhala wamwamuna kapena wamkazi. Wokugulitsani mankhwala otere akungokudyerani ndalama, ndipo zitsamba zina zikhoza kuvulaza mayi woyembekezera. Chachiwiri, bambo wokwatira mkazi wina pofuna mwana wamwamuna amapita ndi mbewu zake zomwezo, ndipo akhoza kubweretsa matenda opatsirana pogonana m'nyumba. Chachitatu, kubereka pafupipafupi posakasaka mwana wamwamuna kapena wamkazi kumafooketsa mayi ndipo kumaika moyo wake pachiswe. Pitani limodzi kuchipatala mukamve za njira zolerera.

Malangizo obisika: nkhani ya chialubino

Popeza makromozomu ali awiriawiri, malangizo ambiri mumakhala nawo kawiri, limodzi la kwa mayi ndi lina la kwa bambo. Nthawi zina limodzi limakhala losagwira ntchito, koma simudziwa chifukwa linzake likugwira bwino. Munthu wotere ali bwinobwino, wangonyamula chabe. Langizo lobisikalo likhoza kuyenda m'banja kuchokera kwa agogo mpaka kwa zidzukulu popanda kuonekera.

Chialubino chimabwera motere. Khungu, tsitsi ndi maso zimada chifukwa cha utoto umene thupi limapanga. Mtundu wa chialubino umene umapezeka kwambiri kuno kumwera kwa Africa umachokera ku langizo lina lokhala pa kromozomu nambala 15. Mwana amabadwa wachialubino pokhapokha walandira langizo losagwira ntchito kuchokera kwa mayi komanso kwa bambo. Kholo limodzi palokha silingabereke mwana wotere. Bambo amene akukana mwana wachialubino akukana mwana amene anatenga chialubinocho kwa iye mwini.

Makolo awiri akuda amene onse anyamula langizo limeneli ali ndi mwayi umodzi pa inayi, pa mimba iliyonse, wobereka mwana wachialubino.

Yesani izi pa gulu lanu. Tengani timatumba tiwiri, kena ka mayi kena ka bambo. M'kathumba kalikonse ikani nyemba imodzi yofiira ndi imodzi yoyera. Yofiira ikuimira langizo logwira ntchito, yoyera losagwira. Munthu atseke maso, atole nyemba imodzi m'kathumba kalikonse, mulembe zimene zatuluka, kenaka abwezeremo. Chitani zimenezi maulendo 40. Mudzaona kuti zoyera ziwiri zimatulukira limodzi maulendo pafupifupi 10. Mudzaonanso kuti nthawi zina zimatuluka kawiri motsatizana, ndipo nthawi zina zimatha maulendo ambiri osatuluka. N'chimodzimodzi ndi mabanja: lina limakhala ndi ana achialubino awiri kapena atatu, lina silikhala naye ngakhale mmodzi.

Chialubino sichipatsirana. Mayi woyembekezera sangabereke mwana wachialubino chifukwa choti anaona, anaseka kapena anadya ndi munthu wachialubino. Mafupa, tsitsi ndi ziwalo za munthu wachialubino n'zofanana ndi zanu, mulibe golide kapena mankhwala a chuma. Bodza limeneli laphetsa anthu. Cha m'ma 2015 nkhani za kuba ndi kupha anthu achialubino, ngakhale kufukula manda awo, zinachuluka ku Malawi ndi kuno ku Mozambique, ndipo chigawo chathu cha Tete sichinatsale. M'chaka chomwecho boma la Mozambique linakhazikitsa ndondomeko yoteteza anthu achialubino. Mu 2016 nthumwi ya bungwe la United Nations pa nkhani imeneyi, mayi Ikponwosa Ero, amenenso ndi wachialubino, anayendera mayiko awiriwa. Tsiku la 13 Juni chaka chilichonse ndi lokumbukira ufulu wa anthu achialubino pa dziko lonse. Mukamva mphekesera za anthu ofuna kuchita chipongwe chotere, dziwitsani mfumu ndi apolisi msanga.

Mdani wina wamkulu wa mwana wachialubino ndi dzuwa, ndipo kuno kwathu limaomba kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Mwanayo azivala chipewa cha khonde lalikulu ndi zovala zofika m'manja ndi m'miyendo. Asamalime, kuweta kapena kuwedza dzuwa lili paliwombo. Azidzola mafuta oteteza ku dzuwa ngati apezeka. Chilonda chilichonse cha pakhungu chimene sichikupola mupite nacho kuchipatala, chifukwa chikhoza kukhala chiyambi cha khansa. Kusukulu apempheni aphunzitsi kuti azikhala kutsogolo, popeza maso ake saona bwino patali. Nzeru zake n'zofanana ndi za mwana wina aliyense.

Matenda a magazi otchedwa sickle cell

Matenda amenewa amayenda m'banja mofanana ndi chialubino. Langizo lake lili pa kromozomu nambala 11, ndipo ndi lokhudza kapangidwe ka magazi. Mwana akalandira langizo lolakwika kwa makolo onse awiri, maselo ofiira a m'magazi ake amapindika ngati chikwakwa. Maselo opindikawo amafa msanga ndipo amatseka timitsempha ting'onoting'ono.

Zizindikiro zimayamba kuoneka mwana akafika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi: kutupa ndi kupweteka kwa manja ndi mapazi, kulira kosatonthozeka, kuyera m'zikhatho ndi m'zikope chifukwa cha kuchepa magazi, maso achikasu, kudwaladwala ndi kukula mochedwa.

Wonyamula langizo limodzi lokha sadwala matendawa. Ndiponso mu 1954 katswiri wina, Anthony Allison, atafufuza kum'mawa kwa Africa, anaonetsa kuti anthu otere amatetezeka pang'ono ku malungo oopsa. N'chifukwa chake langizoli limapezeka kwambiri m'mayiko a malungo. Koma onyamula awiri akakwatirana, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi pa inayi wakuti mwana adzadwala.

Mwana wotere sanalodzedwe. Musamuteme mphini, chifukwa magazi ake ndi ochepa kale ndipo zilonda zimalowetsa tizilombo. Azigona m'neti usiku uliwonse, alandire katemera yense, azimwa madzi ambiri ndipo azifunda nyengo yozizira. Thupi likangotentha, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Pali mankhwala amene amachepetsa ululu ndi kuteteza ku matenda ena, ndipo ana osamalidwa bwino amakula mpaka kukhala ndi mabanja awo. Afotokozereni achipatala za ana ena a m'banjamo amene anadwala chimodzimodzi. Iwo akaona kuti n'koyenera adzakutumizani ku chipatala chachikulu mu mzinda wa Tete.

Mawu amodzi kwa asuweni ofuna kukwatirana: anthu a agogo amodzi amakhala ndi mpata waukulu wonyamula langizo lobisika lofanana. Maukwati ambiri a chisuweni amabereka ana athanzi. Koma ngati m'banja mwanu munabadwapo ana a matenda tatchulawa, kambiranani ndi achipatala musanamange banja.

Pamene kromozomu yapitirira

Nthawi zina thupi likamagawa makromozomu limalakwitsa, ndipo dzira kapena mbewu imatenga 24 m'malo mwa 23. Mwana akakhala ndi makromozomu atatu a nambala 21 m'malo mwa awiri, onse pamodzi n'kukhala 47, amabadwa ndi vuto lotchedwa Down syndrome. Madokotala a mu mzinda wa Paris ku France ndi amene anapeza chifukwa chake mu 1959.

Mwana wotere amakhala ndi thupi lofewa ali wakhanda, maso ake amakhala opendekera m'mwamba, ndipo amachedwa kukhala, kuyenda ndi kulankhula. Pafupifupi theka la ana otere amabadwa ndi vuto la mtima, choncho ayenera kupimidwa msanga. Vutoli likhoza kugwera mayi wa msinkhu uliwonse, koma limachuluka mayi akamakula. Pa zaka 40 limagwera mwana pafupifupi mmodzi pa 100 alionse. Silibwera chifukwa cha chimene mayi anadya, ntchito imene anagwira kapena mdulo. Mwanayo amaphunzira, pang'onopang'ono, ngati anthu akumulankhula, kusewera naye ndi kumupatsa tintchito. Musamutsekere m'nyumba.

Zimene sizichokera ku makromozomu

Si matenda onse opezeka mwa mayi ndi mwana amene ali a chibadwa. Kachilombo ka HIV ndi chindoko siziyenda m'makromozomu. Ndi tizilombo timene mwana angatenge ali m'mimba kapena pobadwa, ndipo HIV angaitengenso poyamwa. Zimenezi zimapewedwa ngati mayi wayamba sikelo msanga, wayezetsa magazi pamodzi ndi mwamuna wake ndipo akumwa mankhwala mwandondomeko. Malungo amabwera ndi udzudzu. Chifuwa chachikulu chimafala kudzera mu mpweya. Kupinimbira kwa ana ambiri kumachokera ku kuperewera kwa zakudya, osati ku mtundu. Musanene kuti "ndi za kumtundu" pa matenda amene ali ndi mankhwala.

Mfundo zofunika kukumbukira

1. Munthu ali ndi makromozomu 46: 23 ochokera kwa mayi ndi 23 ochokera kwa bambo.
2. Dzira la mayi limanyamula X nthawi zonse. Mbewu ya bambo ndiyo imanyamula X kapena Y, ndipo palibe amene amasankha.
3. Chialubino ndi sickle cell zimaonekera pokhapokha makolo onse awiri apereka langizo lake.
4. Palibe kholo limene limasankha makromozomu opatsa mwana, choncho palibe woyenera kuimbidwa mlandu.
5. Mwana wobadwa ndi vuto la chibadwa amafunika chipatala msanga, chitetezo ndi sukulu.

Mafunso okambirana m'magulu omvera wailesi

1. Bambo wina wabwera kwa inu monga nkhoswe, akuti akusiya mkazi chifukwa amabereka ana aakazi okhaokha. Mumuyankha chiyani?
2. Kodi m'mudzi mwanu anthu amati chialubino chimayamba bwanji? Mutachita masewera a nyemba aja, mungawafotokozere motani?
3. Kodi mudzi wanu ungachite chiyani kuti mwana wachialubino azipita ndi kubwera kusukulu mosaopa?
4. Ndi matenda ati amene anthu kwanuko amati ndi a kumtundu pamene ndi ochizika?

Amfumu, ankhoswe, anamkungwi, azamba ndi atsogoleri a mipingo, nkhanizi zimayamba kufika kwa inu zisanafike kuchipatala. Mlandu wotere ukadzabwera pabwalo panu, itanani bambo ndi mayi onse awiri, muwawerengere phunziro lino, kenaka muwalangize kuti apite limodzi ndi mwanayo kuchipatala. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mafunso anu tumizani kudzera kwa atsogoleri a magulu omvera, ndipo tidzawayankha pa pulogalamu ya zaumoyo.